Chitini Chozondoka ku Nambala Wani

Ine ndayenda. Ndagonapo m'madoko momwe sitima zimalira ngati ng'ombe zosokera, ndagulapo katundu kwa anthu amene sitinkamvana chilankhulo, mtengo tikukambirana ndi zala zokha, ndipo palibe anandipusitsapo. Ndinayamba ndi katebulo ka sopo ndi machesi m'mbali mwa msewu. Lero masitolo okhala ndi dzina langa pakhomo ali m'matauni onse a chigawo chino, moti wofuna kuwayendera onse ayambe wagula matayala atsopano. Koma Lolemba limene mphwanga anandiimbira foni, ndinakhala pabedi nsapato imodzi ili kuphazi ina ili m'manja, ndipo ndinamva m'mafupa kuti ndakalamba.

Mphwangayo ndi mwana wamkazi wa malemu mlongo wanga. Ndiye manijala wa sitolo yathu yoyamba, imene tonse timangoitcha Nambala Wani. Sanachulutse mawu. Anangoti, "Malume, apolisi ali pano. Akuti nditenge chikwama changa."

Nkhani inali ya mkaka wa ana, wa m'zitini uja, katundu wodula kuposa chilichonse pa mashelefu athu. Kwa miyezi ingapo, sitolo ikatsekedwa Lamulungu masana, Lolemba ankapeza shelefu ya mkakayo itapepuka. Ulendo uno inali itasesedwa. Zitseko zinali zokhoma, maloko osathyoka, alamu osalira. Makiyi ndi manambala a alamuyo ankasunga munthu mmodzi yekha, mphwangayo. Amene anaitana apolisi anali mwana wanga wachisamba, amene ndinamusiyira mpando nditapuma ntchito. Antchito amamutchabe Bwana Wamng'ono ngakhale imvi zayamba kumutuluka.

Ndinavala nsapato inayo, ndinatenga chipewa changa chogula kutsidya kwa nyanja, n'kuuyamba ulendo.

Nambala Wani si sitolo yokongola, ndikuvomera. Ndi yopapatiza, matailosi ake anatha pakati pomwe anthu amadutsa, ndipo mafiriji ake amalira ngati akudandaula. Koma njerwa zake ndinasankha ndekha. Ndinapeza chitseko chachitsulo chitatsitsidwa theka, makasitomala ataima panja ndi zikwama zopanda kanthu, antchito ataunjikana pafupi ndi matilo. Mphwanga anali mu kaofesi kake, chikwama chili pamiyendo, maso ali gwa pakhoma.

Wapolisi anali mayi wa udindo wa sajeni, wamaso otopa, amene anali atavula nsapato imodzi pansi pa tebulo. Ndinamuuza kuti ndine ndani. Anati akundidziwa, nkhope yanga ili pa majumbo onse a m'khitchini mwake. Ndinamuuza kuti ndagwirapo akuba m'mayiko amene iye sanawaonepo ngakhale pa mapu, ndipo anayasamula. Kenako anati galimoto yawo yapita kukasiya wapolisi mnzake kukhoti, ndiye ndikhoza kufunsa aliyense amene ndikufuna.

"Koma ikangobwera, bambo, mayiwa ndikupita nawo. Chitseko chosathyoka chimaloza kwa mwini kiyi."

Ndinayang'ana mphwanga. Ali ndi chibwano cha mayi ake. Ndinamufunsa ngati anatenga mkakawo, ndipo anandiyang'ana mmene mlongo wanga ankandiyang'anira ndikanena zopusa. Sindinafunsenso.

*

Tinayamba ndi mlonda, bambo wamtali woonda amene sayamba chiganizo asanatchule Mulungu. Anati Mulungu ndi mboni yake, Lamulungu lonse anali pakhonde lakutsogolo, pomwe kampani yake inamuuza kuti azikhala. Anaona mayi manijala akukhoma, akuyesa loko kawiri, akukwera minibasi. Palibe anabweranso. Sajeni atamufunsa za kuseri, anati kuseri kulibe khomo, kuli kanjira ka mabini ndi makireti akale basi, ndipo Mulungu akudziwa kuti kumanunkha. Ndinamufunsa ngati anali ndi wailesi. Anayang'ana pansi.

"Mpira unalipo, bwana. Koma khutu limodzi linali pa ntchito."

Wachiwiri anali wabutchala. Ameneyu ndinamulemba ntchito sitoloyi isanafoleredwe n'komwe, ndipo ndi yekhayo padziko lapansi amene amanditchabe a Machesi. Anabwera akupukuta manja pa epuloni, mimba ili patsogolo ngati ikumutsogolera njira. Sajeni atamufunsa komwe anali Lamulungu masana, anati anali kuchipatala kukaona akazi ake amene anawachita opaleshoni ya diso, ndipo manesi onse amukumbukira chifukwa anathyola benchi. Anawonjezera kuti iye akanakhala wakuba akanaba nyama, chinthu chimene amachidziwa, osati ufa wa makanda.

Ndinamufunsa ngati amamukayikira mphwanga. Anati mayi ameneyu amabweza ngakhale cholembera cha kasitomala. Kenako anatsitsa mawu.

"A Machesi, mwapitako kushelefuko? Musamve za ine. Pitani mukaone ndi maso anu."

Anandiyang'ana mwachilendo, ngati munthu amene wapereka nyama yoipa kwa mnzake ndipo akudziwa.

Shelefu ya mkaka ili kumapeto kwenikweni kwa sitolo, yotsamira khoma lakumbuyo. Ndinaiika kumeneko dala kalekale, kuti mayi wofuna mkaka adutse sopo, shuga ndi mafuta asanafike. Nzeru imeneyo ndinaitola ku sitolo ina yaikulu kudziko lachisanu, ndipo ena onse m'chigawo chino anaonera kwa ine. Kamera siona ngodya imeneyo. Ndinayenda pang'onopang'ono, Sajeni akukoka phazi pambuyo panga.

Matabwa anali mbee, fumbi lokha litajambula timizere tozungulira pomwe panali zitini. Koma wakubayo sanatenge zonse. Kumanzere, m'mphepete mwenimweni, kunatsala chitini chimodzi. Chinali chozondoka, chivindikiro pansi, thako m'mwamba.

Ndinaima pomwepo, maso ali pa chitinicho.

*

Sajeni anaona nkhope yanga n'kufunsa ngati ndikufuna madzi. Ndinati ndikufuna mphwanga. Atabwera ndinamulozera chitinicho. Anati ulendo uliwonse mkaka ukabedwa ankapeza chimodzi chitaikidwa choncho, ndipo ankangochitembenuza, poganiza kuti wakubayo akumunyoza. Ndinaitana atsikana awiri opakira katundu. Anati iwo akaona chitini chozondoka amati wina analakwitsa.

Apa ndinayenera kumufotokozera Sajeni mbiri pang'ono, ndipo ndikafotokoza mbiri sindifulumira. Masiku amenewo kunalibe makompyuta owerenga katundu. Sitolo inali imodzi, antchito ochepa, ine ndili pamsewu kukasaka katundu. Ndikabwerako ndinalibe nthawi yofunsa aliyense kuti chatha n'chiyani. Ndiye ndinakhazikitsa lamulo langalanga, limene sindinalione kudziko lina lililonse: ukatenga katundu pa shelefu n'kuona kuti kumbuyo kwatha, chotsala chomalizacho uchizondotse, uchiike kumanzere. Ndikalowa ndinkangoyenda kamodzi, maso ali kumanzere, ndipo pofika pakhomo ndinkadziwa zoti ndikagule. Amene waiwala ankandimva. Pasanathe chaka manja awo ankachita okha, mutu usanaganize. Masitolo atachuluka, makina anabwera, lamulolo linafa lokha. Mphwanga anayamba ntchito litafa kale.

Sajeni anavala nsapato yake ija. Anafunsa kuti amene anaphunzira lamulolo alipo angati amoyo.

Ndinayamba kuwatchula. Mkazi wanga, koma iye anatisiya kale. Dalaivala wathu woyamba, amene maso anamuthera ndipo sachoka pakhomo pake. Atsikana awiri a pa tilo amene anakwatiwa kutali. Wabutchala. Ineyo.

"Basi?"

Ndinati ndikuganiza kuti basi. Wabutchala, amene anali ataima kumbuyo kwathu, anakhosomola n'kuyamba kuyang'ana denga.

Sajeni anati zonsezo n'zabwino, koma chitini sichitsegula chitseko. Wakale kapena watsopano, munthuyo analowera pati?

Ndinamupempha wabutchala kuti andithandize kukoka shelefuyo. Inasuntha mosavuta kuposa mmene shelefu ya zaka zambiri imayenera kusunthira, ndipo pansi panali mikwasa yatsopano. Kuseri kwake kunali khoma lopakidwa penti yoyera ngati makoma ena onse. Ndinagogoda ndi ndodo yanga m'mwamba, khoma linayankha ngati njerwa. Ndinagogoda m'munsi, pafupi ndi bondo, ndipo linalira ngati ng'oma.

*

Kale buledi tinkagula kwa wophika wina amene galimoto yake inkafika tisanatsegule. Poti sindinkafuna kumupatsa kiyi, ndinaboola khoma lakumbuyo n'kuikapo kachitseko kachitsulo, kongokwana thireyi ya buledi. Ankakankhira mathireyi mkati n'kumapita. Titatsegula bekale yathuyathu, kachitsekoko tinakatseka ndi thabwa mkati, n'kupaka penti, kunja n'kuunjikako makireti. A alamu atabwera anaika mawaya awo pa zitseko ndi mawindo amene anawaona. Kameneka palibe anawauza. Ineyo ndinali nditakaiwala.

Tinazungulira kukanjira kakuseri. Mlonda sananame, kumanunkhadi. Titasuntha makireti tinakapeza kachitsekoko, dzimbiri lili thoo, koma mahinjesi ake akunyezimira mafuta. Sajeni anakakoka ndi chala chimodzi ndipo kanatseguka osalira. Thabwa lamkati linali longotsamiritsa.

Anayang'ana bowolo, n'kuyang'ana mimba ya wabutchala. Wabutchala anati akafuna ayese, koma aitaniretu amisiri odzagumula khoma. Sajeni anaseka koyamba tsikulo. Kenako anandiyang'ana ine, ndipo ndinamuuza kuti ndikagwada pansi pamafunika anthu awiri ondidzutsa.

Anagwada yekha n'kuunika ndi foni. Pamwamba pa bowolo pali mlomo wachitsulo umene wowotcherera anausiya wakuthwa. Ndinkalonjeza chaka ndi chaka kuti ndiusalaza. Dzimbiri la pamlomowo linali litapalika pakati, chitsulo chikuwala. Ndinamuuza Sajeni kuti chitsulo chimenecho ndimachidziwa bwino. Tsiku lina nditataya makiyi ndinalowera pomwepo, ndipo chinandisenda msana kuyambira paphewa mpaka m'chiuno, moti sabata yonse ndinkagona chafufumimba. Mwana amadutsa bwinobwino. Munthu wamkulu, ngakhale woonda, chimamulemba.

"Mwana wake uti amene ankadutsapo?" anafunsa Sajeni, osadzutsa mutu.

Ndinali kuyang'ana makireti. Wabutchala ndi amene anayankhula, ndipo sanayankhule ndi Sajeni.

"A Machesi, mwatchula anthu onse amene munkawalipira. Panali wina amene simunkamulipira."

Kutsogolo kunamveka galimoto ikuima. Ndinaganiza kuti ndi ya apolisi. Koma inali ya mwana wanga.

*

Tinamupeza mu kaofesi, ataima pafupi ndi mphwanga koma osamuyang'ana. Ndi munthu wooneka bwino, mwana wanga, wamtali, wopanda mimba chifukwa amathamanga m'mawa uliwonse. Sukulu ndinamutumiza kunja, ndipo amayankhula mofatsa ngati dokotala. Anandipatsa moni mwaulemu n'kunena kuti sindikanavutika kubwera, nkhaniyi ndi yaing'ono ndipo ofesi ikuiyendetsa.

Kunkatentha. Fani ya mu kaofesiko inafa kalekale. Iye anali atavala jekete, mabatani onse otseka.

Sajeni anamupempha kuti akhale, n'kumufunsa mwaulesi, ngati wongokwaniritsa mwambo wa ntchito, komwe anali Lamulungu masana. Anati anali ku sitolo yathu yatsopano ya kumsewu waukulu, kukaona mafiriji osungira katundu. Anapita yekha. Mlonda wa kumeneko anamuona akulowa ndi galimoto chakumadzulo. Za masana sanatchule, ndipo Sajeni sanamukumbutse.

Kenako anatembenukira kwa ine. Anati popeza ndabwera, ndi bwino ndimve kwa iye osati kwa ena: akuluakulu a kampani akukumana sabata yomweyi, ndipo nkhani ya Nambala Wani ili patebulo. Sitoloyi ndi yakale, yopanikiza, yopanda poimika galimoto, ndiye tsopano yayambanso kubedwa. Pali anthu ofuna malowa kuti amangepo pothirira mafuta. Akuluakuluwo akhala akukana kuitseka chifukwa choopa ine, koma umbava uwu watsegula maso a aliyense.

"Bambo, mbiri ndi yabwino pa khoma. Siikoka kasitomala."

Ndinamvetsera. Mawu ake ena anali oona, ndipo zimenezo zinanditopetsa koposa. Koma maso anga sanali pakamwa pake. Mpando wa mu kaofesiko ndi wakale, wotsamira bwino, ndinaugula ndekha. Mwana wanga akakhala pampando amatsamira, mwendo pamwamba pa unzake, kuyambira ali mnyamata. Tsikulo anakhala kumphepete, msana uli chilili ngati wophunzira pamaso pa mphunzitsi wamkulu.

Ndinakumbukira kamnyamata kovala yunifolomu ya sukulu, kataima pa kireti kuti kafikire shelefu yapamwamba, kakuzondotsa chitini cha nsomba n'kutembenuka kuti kaone ngati ndaona. Ndinkaona. Ndinkauza aliyense wolowa m'sitolo kuti mwana uyu adzandiposa.

Ndinadzuka, ndinazungulira tebulo, n'kunena kuti wayankhula ngati mwamuna. Ndinamusisita paphewa monga bambo amachitira, kenako ndinatsitsa dzanja pamsana, ndikukanikiza pang'ono.

Anapuma mokoka, mano ali gwa, thupi lonse likuthawa dzanja langa.

Panja hutala inalira kawiri, ndipo mlonda anasuzumira pakhomo kudzanena kuti galimoto ya apolisi yafika.

*

Sajeni sanafulumire. Anatseka kabuku kake n'kundiyang'ana. Anali ataona zonse, ndipo akanatha kunena yekha. Koma anandisiyira ine, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati chinali chifundo kapena chilango. Anangoti dalaivala wawo sakonda kudikira.

Mphwanga anali atadzuka kale, chikwama chili paphewa. Anayang'ana msuweni wake, anayang'ana ine, ndipo ndinaona kuti wamvetsa. Ndinaonanso kuti sanena kanthu. Akanakwera galimoto ija chete, chifukwa ndine malume ake ndipo ndinamulipirira sukulu. Chibwano cha mlongo wanga chinali chitakwezeka.

Ndakhalapo pa matebulo ndi anthu olemera amene ankafuna kundimeza wamoyo, ndipo mawu sanandithawepo. Tsikulo ndinachita kuwafunafuna.

"Vula jekete, mwanangu."

"Bambo."

"Vula. Usadikire kuti akuvule ndi apolisiwa."

Anavula pang'onopang'ono. Pa shati yoyera, kuyambira paphewa kutsika, panali mzere wa timadontho tofiirira pomwe bala linadontha kudutsa bandeji.

Zotsatira zake anazinena ndi mawu omwe aja a dokotala, akuyang'ana khoma. Anati sanabe kanthu. Mkaka wonse uli m'chipinda chosungira katundu ku sitolo yatsopano, palibe chitini chimene anagulitsa. Katundu wa kampani anangochoka pa shelefu ya kampani kupita pa shelefu ina ya kampani. Ankangofuna kuti akuluakulu aone kuti Nambala Wani ikudontha. Za msuweni wake anati nkhaniyo ikanathera m'malere, ndipo akanamupezera ntchito ina pakapita nthawi.

Mphwanga anafunsa funso limodzi lokha, mofatsa, kuti ana ake akanawauza chiyani madzulo amenewo.

Sajeni anati nkhani ya mashelefu akaifotokoze bwino kupolisi, pamodzi ndi nkhani yoitana apolisi kudzagwira munthu wosalakwa. Asanatuluke, mwana wanga anaima pakhomo n'kundifunsa kuti ndadziwa bwanji. Anati kachitseko akanatha kukadziwa anthu ambiri. Ndinamuuza za chitini.

Anakwinya nkhope. Anaganiza ndithu, ndipo ndinaona kuti sakunamizira.

"Chitini chake chiti? Sindikukumbuka kuti ndinazondotsa kanthu."

Wabutchala anapukusa mutu n'kubwerera ku nyama zake. Ine ndinatsala ndi mawu amenewo. Pa antchito onse amene ndinawaphunzitsa m'moyo wanga, ndipo ndi ambiri, palibe amene anaphunzira bwino ngati ameneyu.

Galimoto itachoka ndinakhala pampando wotsamira uja kwa kanthawi. Ndinadziwa kuti madzulo ndiyenera kukaima pakhomo la mpongozi wanga n'kumuuza komwe kuli mwamuna wake, ndi amene anamutumizako. Ndinadziwanso kuti akuluakulu akakumana akhoza kuitsekabe Nambala Wani, chifukwa poimika galimoto palibedi.

Mphwanga anabweza chikwama m'kabati. Anafunsa ngati ndikufuna andiitanire galimoto yondibweza kunyumba. Ndinamuuza kuti anthu aima panja kuyambira m'mawa, akweze chitseko.

Chitsulo chinalira, makasitomala analowa, matilo anayamba kulira. Ndinayenda naye mpaka kumapeto kwa sitolo, komwe atsikana aja anali atabwezera shelefu pakhoma. Anatambasula dzanja kuti atembenuze chitini chija monga ankachitira nthawi zonse. Ndinamugwira mkono.

Ndinati achisiye choncho mpaka mkaka utabwera. Kumbuyo kunalibedi kanthu, ndipo m'sitolo yanga chitini sichitembenuzidwa katundu asanafike.